Komenteta M'kabati

Pulani inabadwira pa makapu atatu a karaki, kuseri kwa kashopu ka tiyi ku Rawdat Al Khail, m'dziko la Qatar. Mzamba wake anali Macfussy, yemwe anzake ankamutcha Injiniya ngakhale ntchito yake inali yosintha mababu pa kampaundi ina ya azungu ku Al Waab.

Azungu a pamenepo, posowa chochita Lachisanu, anali ndi kagulu ka zisudzo. Ulendo uno ankakonza sewero la ku London wakalekale, nthawi ya Mfumukazi Vikitoliya, amuna a ndevu za m'masaya, akazi a madiresi otupa ngati tenti. Koma Injiniya zisudzo analibe nazo ntchito. Diso lake linali pa mkanda wagolide weniweni umene madamu wina anabwereketsa kuti uzigwiritsidwa ntchito m'seweromo. M'gawo loyamba, munthu woipa ankaubisa m'kabati. Kabatiyo anakhoma ndi Injiniya yemweyo, ndipo kumbuyo kwake anasiyako kachitseko kamene mzungu aliyense sankakadziwa.

"Easy job, aise," anatero akupukuta milomo. "Ulowera kumbuyo, utola, utuluka. One minute, khalas, zatha. Fulutanki ali panja, injini ikulira."

Fulutanki anali Gomezgani, dalaivala wa mimba yofika pachiwongolero. Wolowa m'kabati anali Ajibu, mlonda wa pa molo ina ya masitolo, chifukwa mwa atatuwo ndi yekha amene akanakwanamo. Ajibu sanali mbava, kungoti pakamwa panamupereka. Anali atalonjeza Fauziya wake ku Mangochi kuti tsiku la nika, ukwati wawo, adzavala golide wa ku Qatar, ndipo Fauziya anali atauza kale mudzi wonse. Tchuthi chinali chitatsala masabata awiri, m'sutikesi muli mafuta onunkhira ndi zipatso za tende basi.

Injiniya anayeza chilichonse, ngakhale mapewa a Ajibu anawayeza ndi tepi. Chimene sanafunse n'chakuti, n'chifukwa chiyani Ajibu kwawo ankamutcha Komenteta. Munthuyu anathamangitsidwapo katatu konse m'nyumba zoonetsera kanema chifukwa chochenjeza anthu a m'filimu. Chigawenga chikamanyang'ama kumbuyo kwa mnyamata wa filimuyo, Ajibu ankaimirira pabenchi n'kuyamba kumuuza kuti acheuke.

Lachisanu litafika, dzuwa likadali ng'aning'ani, Ajibu analowa pageti atasenza makwerero, Injiniya ali patsogolo ndi ovolosi yake. Palibe anawafunsa kanthu. Holo inali itadzaza thothotho. Ajibu anakwawa kuseri kwa makatani, natsegula kachitseko, nadzipinda m'kabati. Posakhalitsa dzanja la munthu woipa linalowa n'kusiya mkanda pashelefu, pafupi ndi mphuno yake penipeni. Anautola. Unali wolemera, wozizira bwino. Ntchito inali itatha.

Tsoka lake, chitseko cha kutsogolo chinali ndi kamng'alu.

Anati angosuzumira pang'ono. Anaona mayi wamasiye wovala zakuda, ndi mlamu wake, mchimwene wa malemu mwamuna wake, bambo wa mawu okoma ngati uchi. Mlamuyo anali ataitana dokotala, ndipo ankamufotokozera mwachisoni kuti mayiyo mutu sukuyenda bwino: amamva mapazi m'nyumba yopanda anthu, amalankhula ndi akufa, ndipo dzulo anaponya mkanda wake mumtsinje n'kuiwala. Chofunika n'kumutsekera ku chipatala cha amisala, nyumbayo aisamale ndi iye mlamu.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Injiniya: Tuluka, yalla! Ajibu sanaiyang'ane kawiri. Nkhaniyi ankaidziwa. Bambo ake atamwalira, abale awo anabwera ndi mawu okoma omwewa, n'kunyamula mpaka malata, mayi ake n'kutsala pamtetete. Mtima unamuwawa zenizeni.

Mayi wamasiye anagwada pansi akulira, nayamba kuvomera kuti mwina n'zoona, mwina wapengadi. Dokotala anatulutsa pepala ndi cholembera.

Kabati inatseguka kuti phwaa.

"Doctor, musasaine! No sign!" Ajibu anali pakati pa siteji, mkanda uli m'mwamba. "Madam, you are not mad! Wallahi ndamuona ndi maso angawa, this one, galu ameneyu, anaubisa m'kabati! Nawu!"

Anapita n'kumuveka mayiyo mkanda uja m'khosi, bwinobwino, n'kumukonzera kolala.

Mlamu anaiwala mawu ake onse, ndevu yake yomata ya mbali imodzi n'kugwa. Dokotala anagwetsa cholembera. Koma oonerera, poganiza kuti ndi mmene sewerolo analilembera, anaimirira n'kuwomba m'manja ngati mvula ya matalala, mafoni ali m'mwamba kujambula.

Apa munthu wanzeru akanathawa. Injiniya, yemwe chibadwire anali asanawomberedwepo m'manja, anatulukira pasiteji n'kuwerama pafupi ndi Ajibu, akuloza kabati ija n'kudziloza pachifuwa kuti anthu adziwe mmisiri wake. Fulutanki naye, atamva phokoso la chisangalalo, anaganiza kuti akugawa zakudya, nasiya galimoto ikulira pageti, nalowa. Atatuwo anagwirana manja n'kuwerama katatu. Pamene ankaweramuka kachitatu, mkulu wa seweroli, yemwe ankadziwa bwino kuti sanalembe mlonda wa ku Mangochi m'London wa Vikitoliya, anali atatseka zitseko zonse ndipo apolisi anali m'njira.

Madamu mwini mkanda anawapepesera, moti kundende sanakhalitseko. Koma ntchito zinathera pomwepo, ndipo atatu onsewo anakwezedwa ndege imodzi. Injiniya sanalankhule naye Ajibu ulendo wonse.

Kanema wa m'mafoni uja anali atafika kale ku Mangochi Ajibu asanafike. Fauziya anamulandira pakhonde, foni ili m'manja, amayi ake a Ajibu ali pambali akusekera m'chitenje. Ajibu anayamba kufotokoza za mlamu woipa, za dokotala, za chilungamo.

"Zakubazo tikambirana mawa," anatero Fauziya modekha. "Ine ndikufunsa izi. Golide wanga unali naye m'manja, iwe n'kumuveka mkazi wina, pagulu, n'kumukonzera ndi kolala yomwe?"