Katundu wa Nachinga, yemwe sindine mwamuna wake

Lolemba
Tsiku lomaliza lija linali ngati masiku onse. Mkazi wanga Nachinga ndinamutsitsa panjinga tisanafike pa mlatho wa Lufita, iye n'kuyenda wapansi. Pageti ya kampani, iye: "Mwawuka uli, Dada?" Ine: "Yewo, Mama." Ngati alendo. Lamulo la pano limakana mwamuna ndi mkazi wake kugwira ntchito limodzi, ndiye zaka zonsezi ine pasikelo, iye kosankha nyemba, osamwetulirana.
Ngakhale pamaliro ku Chisenga, bwana, Mayi Chikaonda, anandigwira dzanja: "Pepani, mwataya mnzanu wa pantchito."
Lero pakhoma alemba kuti katundu wa malemu Nachinga adzatenge mwamuna wake. Ndikadzitchula, ntchito yatha. Ndiye ndiziba. Chimodzi patsiku:
kapu
ambulera
mabuti
lichero
Kapu ili m'malaya. Mlonda Sinyangwe, maso ali pamimba panga potupa: "Dada, miyezi ingati?"

Lachiwiri
Ambulera m'mwendo wa thalauzi. Bondo silikupinda. Bwana andiona ndikutsimphina, andituma kuchipatala pa galimoto ya kampani. Nesi akuti ndivule. Ndathawa!
Nachinga akanaseka mpaka kukhala pansi.

Lachitatu
Mabuti. Ndangowavala, nsapato zanga ndasiya. Phazi la mkazi wanga linali laling'ono, ndinaiwala. Ndafika kunyumba zala zikulira. Tsopano ndikutsimphina zenizeni, ndipo nsapato zanga zatsala pamodzi ndi katundu wa malemu.

Lachinayi
Katundu akuchuluka! Azimayi osankha nyemba akubweza zonse zimene anabwereka kwa iye:
poto wamkulu
zitenje
beseni
mbaula
nkhuku yamoyo (akuti inali dzira pobwereka)
Sindinkadziwa kuti theka la nyumba yanga limakhala kwa anthu. Nkhuku silowa m'malaya. Ndayesa.

Lachisanu
Bwana andiitana. Mtima uli phaphapha. Pa tebulo pali nsapato zanga.
"Mwamuna wa Nachinga sindimudziwa," akutero, maso ali pawindo. "Ndikanamudziwa ndikanamuchotsa kalekale, ndipo sikelo ikanasowa munthu. Koma ndamva kuti mumakhala naye pafupi kwambiri. Mukamupatsire."
Sinyangwe akweza zonse m'lole, nkhuku pampando wakutsogolo. Pomaliza aponya chikwama chomwe sindinachione. "Pole sana, pepani, Dada. Mukamupatse moni mkuluyo."
Ndati yewo.

Loweruka
Alamu anga abwera kuchokera ku Chisenga kudzagawa zinthu monga mwa mwambo. Akangana za mbaula mpaka dzuwa kupendeka. Nkhuku yathetsa mlandu wake yokha, yadumpha mpanda.
M'chikwama muja apeza juzi yanga yobiriwira, yong'ambika pachigongono. Inasowa kalekale. Ndinakalipira ochapa, ndinakayikira mng'ono wanga. Nachinga ankandithandiza kufunafuna, mpaka pansi pa bedi!
Mlamu wamkulu, yemwe anagwirapo ganyu kukampani kwathu: "Iyi? Ankavala mwezi wa chisanu wonse posankha nyemba. Azimayi ankaitcha juzi ya a sikelo."
Ndiye zaka zonsezi ndinkabisala ndekha.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Phazi likupola.
Zitenje zapita kwa azichemwali a Nachinga. Mabuti kwa mdzukulu wa phazi laling'ono. Poto, beseni ndi lichero ndibweza kwa azimayi aja, pajatu akanabwerekanso. Mbaula atenga alamu onse awiri, azisinthana, Mulungu awathandize.
M'nyumba mwatsala malo ambiri.
Juzi alamu anafuna kuichapa. Ndakana. Ikununkha fumbi la nyemba ndi sopo wake. Mphepo ya ku Mafinga yayamba, mawa ndivala popita kuntchito. Wondifunsa ndidzati anandibwereka mwamuna wa Nachinga.