Kamchira Kosakhazikika

Lolemba
Ndafika ku Nkaya, kwa azakhali, kuthawa phokoso la ku yunivesite. Pofika Loweruka ndikhale nditatumiza chithunzi chimodzi cha puloteni yanga kwa a Dokotala oyang'anira kafukufuku wanga. Apo ayi, chaka chino sindimaliza sukulu.
Puloteniyi imakhala pakhungu la selo ya kachilombo ka malungo. Thunthu lake ndinajambula kale. Katsala ndi kamchira kotulukira kunja, kongopindikapindika. Zosavuta!

Lachiwiri
Ndalowetsa mu laputopu miyeso yonse ya ku labu. Yatulutsa maonekedwe makumi awiri. Ine ndikufuna amodzi!
Sitima yadutsa, tebulo njenjenje, tiyi yense pakope.

Lachitatu
Azakhali asuzumira: "Zaka zitatu ukujambula nyongolotsi?" Ndafotokoza mpaka kukamwa gwa. Iwo: "Kakuvuta kugwedezeka? Kamange."
Ndayesadi, ndalamula kompyuta ikaumitse. Kaoneka bwino zedi, koma sikakugwirizana ndi muyeso ngakhale umodzi. Mtima ukuti tumiza basi, adziwa ndani? Ndazungulira nyumba katatu. Ndafufuta.

Lachinayi
Batire yatha. Ulendo kukatchajitsa kwa ometa tsitsi. Podikira ndapinda waya kuti kamchirako ndikaone ndi maso, ndikagwire ndi manja. Mafunso a anthu:
- ndi msampha wa mbewa?
- ndi eriyo ya wailesi?
- mlongo, kunyumba kuli bwinobwino?
Komabe ndapeza mpindiko umene ukundipatsa chiyembekezo!

Lachisanu
Waya wanga kulibe. Amalume, amuna awo a azakhali, amangira mabuleki a njinga popita ku mzikiti kukapemphera Juma. "Iyayi mwanangu, sindinaononge. Anali wokhota, ndamuwongola."
Mpindiko uja sindikuukumbukanso. Sindikukhala pansi, chakudya sichikulowa.

Loweruka
Ndatumiza zithunzi zonse makumi awiri, ndi kupepesa kwa mizere isanu ndi itatu. Foni m'manja, kukhonde, kuseri, kukhondenso.
Yankho la a Dokotala lafika madzulo: "Kamchirako kalibe maonekedwe amodzi. Kugwedezekako ndiye zimene mwapeza, ndipo ndi zabwino. Lembaninso mutu wonse, mudzamaliza chaka chamawa."
Zabwino! Chaka chamawa!

Lamulungu
Ndatsegula tsamba latsopano. Mawu alipo atatu, awiri ndi dzina langa.
Amalume aima pakhomo: "Wamaliza?"
"Ndikuyamba kumene."
"Ndiye ulipobe. Mawa tikathyole nandolo."
Ndafunsa kumene amasunga matumba.