Mlungu Umene Nyasalande Inakula

Lolemba

Nkhani yaikulu! Aticha a Moyo akuti Lachisanu kukubwera Abusa a kumishoni kudzaona ntchito zamanja za Sitandade 3. Sukulu yathu ya papurazi, pafamu ya fodya, imathera pomwepa, ndiye mwana amene awasangalatse amutenga akayambe Sitandade 4 kumishoni. Mmodzi yekha! Otsala ndi kushedi, kukasankha fodya ndi amai mpaka imvi.

Anyamata akusema mipini. Atsikana akusoka mipango. Ine zosoka ayi, mzere wanga umayenda ngati munthu wochokera kumowa. Ndapempha kuumba mapu a Chitaganya cha Rodeshiya ndi Nyasalande ndi dongo, pansi, kuseri kwa balani yakale youmitsira fodya imene timaphunziramo. Aticha andiyang'ana nthawi yaitali. "Maiko atatu, masiku anayi. Yesa."

Zofunika:
dongo la pachulu, ndowa zinayi
phulusa lolembera malire
chitsekero cha botolo, chikhale Sozibele, likulu la Chitaganya
phale, likhale khoma la damu la Kariba
anthu osandisokoneza

Mnzanga Esinati akuti ndapenga. Iye wayamba kale duwa lachiwiri pa mpango wake.

Lachiwiri

Kuzizira! Zala zachita dzanzi koma dongo likumvera. Ndikuthamanga kulowa m'kalasi kukayang'ana mapu a pakhoma, kutuluka kukaumba, kulowanso. Rodeshiya wa kumwera, kumene tikukhala kuno, watha. Wa kumpoto wandivuta, ali ngati thumba lomangidwa pakati. Nyasalande ndi yosavuta: kakang'ono, kowonda, ngati nyemba imodzi yosasenda.

Zambezi ndakumba ndi supuni ya amai. Ndaika phale, ndathira madzi, ndipo aima! Damu langa latha tsiku limodzi, pamene malole akhala akudutsa pamsewu wa Karoi kupita ku Kariba chiyambire ndili Sitandade 1.

Aticha: "Ehe. Zikuoneka." Kwa iwo amenewo ndi mawu ambiri.

Ndikudziona kale kumishoni. Nsapato. Bedi. Inki yeniyeni.

Lachitatu

Ndalakwa ndekha. Ndawauza ababa.

Poweruka kushedi abwera kudzaona, chipewa m'manja. Ayang'ana Rodeshiya, agwedeza mutu. Kenako: "Nanga kwathu n'kuti?" Ndaloza Nyasalande.

"Dziko limene ndinayenda milungu iwiri wapansi ndisanatulukemo, ndi kambatata aka?"

Ndafotokoza kuti mapu a aticha akutero. Akuti amene anajambula mapuwo anayenda pagalimoto. Apinda malaya, atapa dongo langa, aumba phiri la Dedza. Lalitali kufika m'bondo langa.

Ndipo aitana anzawo a m'komboni! A Phiri a ku Ntcheu aika mwala pamudzi pawo. A Banda akuti mudzi wawo sukwana, afutukula malire ndi phazi. A Zuze, oyandikana nafe nyumba, afunsa za Tete. Ndati Tete sali m'Chitaganya. "Nanga abambo akowa pobwera kuno anadutsa pati? Anauluka?" Tete waikidwa, pamodzi ndi mlambe wa kamtengo.

Onse akundiyamika. Akuti mwana uyu ali ndi mutu.

Lachinayi

Ndafika m'mawa kwambiri kuti ndikonze. Zimene ndapeza:
Nyasalande yakula kuposa Rodeshiya wa kumwera
miyala ya midzi khumi ndi iwiri, ina sindikudziwa eni ake
Rodeshiya wa kumpoto wang'aluka pakati, dongo lauma msanga
abakha a folomani akusamba mu Kariba
khoma lagwa, Zambezi wasefukira mpaka ku Bulawayo
Sozibele kulibe!

Ndafunafuna. Bakha mmodzi akundiyang'ana mokayikitsa.

Ndatenga khasu kuti ndichepetse Dedza. Ndalikweza. Ndalitsitsa. Phirilo lili ndi zala za ababa, zikuonekera bwinobwino pa dongo. Dzulo poumba amaimba kanyimbo ka kwawo kamene sindinawamvepo akuimba. Ungagumule bwanji phiri la abambo ako?

Ndangomata ming'alu, ndabwezera phale.

Aticha aima pamenepo, manja kumbuyo. "Ana a Nyasalande, mwatilanda dziko popanda nkhondo." Kenako apita kukaliza belu, mapewa akugwedezeka. Ndikuganiza kuti amaseka.

Mpango wa Esinati uli ndi maluwa asanu ndi mbalame.

Lachisanu

Abusa afika panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Taimba. Tanena matebulo. Aona mipini, aona mipango, agwira wa Esinati kawiri.

Ndiye kuseri kwa balani. Ndipo taonani: ndi nthawi yopuma kushedi, ndiye ababa, a Phiri, a Banda ndi a Zuze aima pamzere pafupi ndi mpanda, fodya ali m'malaya monse, akumwetulira ngati tsiku la ukwati.

Abusa: "Ndionetse Sozibele." Ndaloza dzenje.
"Nanga chachikulu ichi?" Ndati Dedza. Kumpanda: "Eya!"
"Uku?" Tete. A Zuze avula chipewa.

Ndati basi zathera pano. Koma Abusa anjuta pansi, afunsa kuti miyala yonseyi n'chiyani. Ndawauza. Ndayenda ndi chala kuchokera ku Dedza, kutsika ku Ntcheu, kulowa kwa Apwitikizi, kuoloka Zambezi pa Tete ndi bwato, kugona m'mitengo kuopa mikango, mpaka pano papurazi. Zonse zimene ndakhala ndikumva pakhomo. Theka m'Chingerezi, theka m'Chinyanja, ndipo pa mikango ndalankhula Chishona osadziwa.

Amvetsera mpaka kumapeto. Alemba m'kabuku. Afunsa ngati ndikudziwa kuti mapu anga ndi olakwika. Ndati inde. "Unalekeranji kukonza?" Ndayang'ana kumpanda.

Loweruka

Esinati.

Aticha abwera okha kukomboni kudzanena kuti Abusa asankha iye. Ndapita kukamugwira dzanja mnzanga. Walira iye, ndalira ine, amai ake atipatsa mahewu. Mpango wake ndi wokongoladi, palibe bodza.

Kenako aticha akhala pakhonde pathu ndi ababa. Ndamvetsera ndikutsuka mbale imodzi yomweyo. Abusa akuti mapu ndi oipa koma mwanayo asapite kushedi, abwereze Sitandade 3, chaka chamawa adzamuonanso. Amai akuti kushedi kukufunika manja. Ababa ayankha: "Manja alipo anga. Abwereze."

Chaka china chathunthu. Buku lomwelija la mphaka wokhala pamphasa. Benchi limodzi ndi ana amene ndinkawabereka kumbuyo!

Lamulungu

Tchalitchi pansi pa mkuyu. Apempherera Esinati ndi ulendo wake. Ine ndaimba motsitsa.

Potuluka anthu sanapite kunyumba, apita kuseri kwa balani. Azimayi nawonso tsopano. Amai, amene dzulo amati zonsezi n'zamasewera, ndawapeza akusuntha mwala wa ababa, akuti mudzi wawo uli kuseri kwa phiri osati kutsogolo. Mkulu wina wolondera mabalani, amene sanapiteko kwawo chibadwire ine, wakhala pansi pafupi ndi kamwala kake. Wina wayamba kale kukumba njanji. Palibe amene wandifunsa.

Chabwino. Mapuwa si anganso. Ndakhala padzuwa, ndikudya mbatata yootcha, ndikuwaonera. Sikoipa kwenikweni.

Pobwerera ababa andigwira paphewa, dzanja lili dongo lokhalokha, pa diresi langa la tchalitchi.

"Usadandaule mwanawe. Chaka chino tinadziwa mochedwa. Chaka chamawa tidzakuthandiza kuyambira tsiku loyamba."

Ndati zikomo ababa. Ndikanati chiyani?