Anakanditula kwa Fanuel

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Koma popeza anthu a ku Mbulumbuzi amaikamba mothira mchere, bola ndiikambe ndekha mwini wake manyaziwo.

Ndinali folomu 3 pa sekondale ina yoyendera kwathu konkuno. Bambo anga ndi adikoni kutchalitchi, ndipo zisudzo sankafuna n'kuzimva komwe. Ankati ku drama club n'kumene ana amakaphunzirira kugwirana manja. Ndiye ine kunyumba ndinanena kuti Lachitatu masana ndimatsalira ku kalabu ya Baibulo. Zoona zake, ndinali star wa drama club!

Chaka chimenecho tinkakonzekera mpikisano wa masukulu womwe unali Loweruka ku Boma. Sewero lathu linali la mtsikana wopatsidwa mimba ali pasukulu, mnyamatayo n'kumukana. Mtsikanayo ndinali ine. Wokanayo anali Fanuel, mnyamata wamanyazi amene ukamupatsa moni ankayankha akuyang'ana nsapato zake. Koma pa siteji, eee! Akati, "Sindikumudziwa mtsikana ameneyu!" unkachita kumva kuwawa mumtima.

Vuto linali ine. Anzanga ankandimangirira pilo pamimba ndi tinsalu, n'kundiveka diresi lalikulu ndi chitenje, koma a Makwinja, patron wathu, sankakhutira.

"Estere, iwe ukuyenda ngati waba dzungu kumunda kwa eni! Wapakati sayenda choncho. Practise!"

Ine mawu amenewo anandipweteka. Rehearsal yomaliza itatha, ndinaika yunifolomu m'chikwama, pilo osachotsa. Ndinati ndidutse pamsika chonchi, ndione ngati pali angandizindikire kuti n'zabodza. Ndikafika kumitengo ya bulugama ndisinthe, kunyumba ndikafike ndili mwana wa adikoni.

Abale, mimba ili ndi ulemu wake! Wa kabaza anandipatukira. Bambo wina anandisiyira benchi. Ine dzanja m'chiuno, kupuma mokoka, malovu pansi tho! Ndinafika pa mayi wina wogulitsa nthochi n'kufunsa ngati ali ndi mango osapsa.

"Kalanga ine, mwana wamng'ono chonchi!" anatero mayiyo uku akundipatsa nthochi yaulere. "Mwini wake ndani?"

Apa m'pamene satana anandikhala paphewa. M'malo moseka n'kuchokapo, ndinagwetsa nkhope ngati pa siteji.

"Ndi Fanuel wa folomu 3, mayi. Koma akukana."

"Wati ndani?"

Mawu amenewo sanachokere kwa wanthochi uja. Anachokera kumbuyo kwanga. Nditacheuka, maso anga anakumana ndi amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, amene amakhala kutsidya kwa mtsinje. Anabwera kudzagulitsa nandolo, ndipo anali asanandione kuyambira pa Isitala.

"Amayi aakulu, dikirani ndi..."

"Tseka pakamwa! Ndamva ndekha ndi makutu angawa!"

Anayang'ana mimba ija, n'kugwira kumutu.

"Yakula chonchi, amako osaona? Maso awo ali kuti? Iyayi, kwanu sitipita. Abambo ako ali ndi BP, angatigwere. Tikukakutula kwa mnyamatayo pompano!"

Kwathu kuno mtsikana akapezeka ndi pakati, achibale amamutenga n'kukamusiya pakhomo pa mnyamata. Ndinkaona zikuchitikira ena, osadziwa kuti ine adzanditula ndi pilo. Amayi aakulu anaimbira foni atsibweni, mlongo wawo, ndipo sanachedwe kufika, thukuta lili kamukamu, khasu akadali nalo m'manja.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangotulutsa piloyo. Ndinaganiza, musayese kuti sindinaganize. Ndikaulula, bambo adziwa za drama, ndipo Loweruka ku Boma sindipita. Sewerolo ndinali nditalivutikira teremu yonse, ndipo ndinkalifuna ndi mtima wanga wonse. Ndiye ndinapanga plan. Tikafika, Fanuel akana, poti kukana ndiye luso lake. Akuluakulu ayamba kukangana, ine ndipempha kupita kuchimbudzi, ndichotsa pilo, ndithawira kwa a Makwinja kuti adzazimitse motowo mwauphunzitsi, bambo asanamve. Pa nthawiyo plan imeneyi inkaoneka yanzeru kwambiri.

Tinanyamuka. Amayi aakulu kutsogolo, ine pakati, atsibweni kumbuyo ndi khasu lawo. Wanthochi uja anasiyira mnzake malonda n'kutitsatira. Pofika kwa a Fanuel, gulu linali ngati la pamaliro, kungoti ili linkamwetulira.

Tinapeza makolo ake akutong'ola chimanga pakhonde. Anatiyalira mphasa, moni n'kuperekedwa bwinobwino, kenaka atsibweni anatsokomola.

"Pepani, tabwera ndi katundu wanu."

Mayi ake a Fanuel anayang'ana mimba yanga, chitsononkho chili m'manja.

"Katundu wa ndani? Fanuel wangayu? Amene amathawa ngakhale mwana wa mbuzi wamkazi?"

Anamuitana. Anatuluka m'nyumba akadali mu yunifolomu, mbatata ili kukamwa. Ataona gulu, ataona ine, ataona mimba yomwe ankaidziwa bwino lomwe kuti ndi pilo, anaima ngati chitsa.

"Mnyamata," anatero atsibweni, "mimba iyi ukuidziwa?"

Ine ndinamutsinzinira diso. Ndinatsinzinanso. M'mtima ndikuti, kana Fanuel, kana ngati pa siteji!

Fanuel anameza mbatata ija. Anakonza kolala. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni folomu 1, anandiyang'ana m'maso.

"Ndikuidziwa. Ndi yanga. Ndimukwatira."

Mayo ine!

Mayi ake anadziponya pa chimanga n'kuyamba kulira. Bambo ake anavula chipewa. Amayi aakulu anaomba m'manja.

"Mwamva nonse! Wavomera yekha, sitinamumenye!"

"Fanuel, wapenga?" ndinakuwa. "Kana!"

"Taonani mwana wopanda khalidweyu," anatero atsibweni. "Anzake amalira kuti akanidwa, iye akulira kuti wavomeredwa!"

Ndinayesa plan yanga ija.

"Ndipite nawo kuchimbudzi."

"Ndikuperekeza," anatero amayi aakulu. "Wapakati sayenda yekha pakhomo pachilendo."

Ndinakhalanso pansi.

Kenaka ndinamva belu la njinga lomwe ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana. Wina anali atawaimbira kale bambo. Anatsika pang'onopang'ono, anayedzeka njinga pamtengo wa mango, n'kudzakhala pa mpando womwe anawapatsa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangondiyang'ana, misozi italengeza m'maso.

"Estere mwana wanga, sukulu ija yathera pano?"

Apa nthabwala inandithera. Bambo anga ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro. Ndinaona kuti bola Loweruka lipite.

Ndinaimirira n'kulowetsa manja m'kati mwa diresi kuti ndimasule tinsalu tija. Koma anzanga aja anamanga mfundo ngati akumanga mbuzi. Ndinakoka, ndinapindika, ndinabuula.

"Yayamba!" anakuwa amayi aakulu. "Azibambo chokanipo! Wina aitane kabaza!"

Azibambo anabalalika. Wanthochi uja anavula chitenje chake n'kunditchingira. Ine ndinakoka komaliza ndi mphamvu zanga zonse, kansalu kanaduka, ndipo pilo anagwa pansi, fumbi kobo!

Ngakhale nkhuku zinasiya kutola chimanga.

"Ndi sewero," ndinatero ndi mawu aang'ono. "Ndili mu drama club. Tili ndi mpikisano Loweruka."

Woyamba kuyankha anali wanthochi uja.

"Ndiye nthochi yanga ija?"

Gulu lonse linaphulika. Ena anakhala pansi, ena anagwirana mapewa. Amayi aakulu okha ndi amene sanaseke, anatola pilo uja n'kundimenya naye kumsana. Bambo ake a Fanuel anatembenukira mwana wawo.

"Nanga iwe chitsiru, umavomera chiyani?"

Fanuel anabwerera ku nsapato zake.

"Ndimati mwayi ngati umenewu sungabwerenso, bambo."

Anthu anayambiranso kuseka, ena mpaka kutsokomola. Ine ndinkangopempha nthaka kuti ing'ambike.

Bambo anaimirira, anapukuta m'maso, n'kupepesa eni khomo mwaulemu wonse. Kenaka anandiyandikira.

"Sukulu upitiriza. Za Loweruka uiwale."

Analandira pilo uja kwa amayi aakulu, anamusasa fumbi, n'kumumangirira bwinobwino pa kaliyala ndi mphira. Ine ndinayandikira njingayo mwaulemu, poganiza kuti andikweza tichoke msanga pamaso pa anthu.

"Iyayi, amake mwana," anatero bambo uku akukwera. "Inu mubwere wapansi. Ine ndatsogola ndi mdzukulu wanga."

Mukafuna munthu woti akukaneni pagulu, yambani mwafufuza ngati sakukufunani.