Kapu ya kwa a Mbewe

Pali zinthu zina zimene mwamuna wa ndevu zake sayenera kuchita m'nyumba ya ankhoswe ake. Ine ndinachitapo chimodzi, nkhoswe ataima pakhomo akundidikira. Mpaka lero ndikamadutsa mu Lafayette Road ku Indianapolis ndimayendetsa galimoto maso ali kutsogolo basi, kuopa kukumana ndi munthu wondidziwa.

Vuto langa ndi lakuti sindifuna kugonja pa mtsutso. Mukanena kuti lero kwazizira, ine ndipeza njira yokuuzani kuti kuzizira simukudziwa. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anatopa nazo kalekale, moti ndikayamba amangoti "mwawina" n'kupitiriza zimene akuchita.

Ku South Bend kumene timakhala kunali bala ina imene inkatsegula m'mamawa Loweruka chifukwa cha ife okonda mpira wa ku Mangalande (kuno mpirawo umayamba anthu asanasukusule). Tinkakumana Amalawi angapo, anyamata a ku Kenya ndi azungu ena amene anatengera matenda athuwa. Ine mowa sindimwa, ndinkangomwa khofi n'kumakuwa.

Mu Ogasiti 2015, ligi itangoyamba, mzungu wina wa timu yanga yofiira anagwidwa kuchimbudzi pa hafu taimu akukoka kokeni ndi mphuno, atamuika pansonga ya kiyi wa galimoto. Mwini bala anamutulutsa atamugwira pakolala. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chake munthuyo ankaimba mokondwa ngakhale tikukwapulidwa.

Yamikani, mnzanga wa ku Zomba amene amasapota timu ya buluu, anapukusa mutu. "Anthu ngati amenewa kungowatsekera kundende basi. Atiwonongera mpira."

Kunena zoona, maganizo angawo anali omwewo mpaka pamene Yamikani anawatchula.

"Ayi aise," ndinatero. "Boma lingoligalaiza. Munthu azigula poyera ngati mowa umene wagwirawo."

"Wapenga iwe?"

Tsiku limenelo anandigonjetsa pamaso pa anthu, chifukwa mfundo ndinalibe ndi imodzi yomwe. Ndinapita kunyumba mtima ukuwawa kuposa mmene unawawira ndi zigoli zimene timu yanga inamwetsedwa, ndipo ndinalumbira kuti Loweruka linalo andiona.

Ndinayamba kuwerenga. Pa foni yanga munadzaza za kokeni zokhazokha: kumene amachokera, mmene masapota amamulowetsera m'bwalo la mpira, mayiko amene anafewetsa malamulo awo. Madzulo ndikaweruka (ndimakonza makompyuta pa yunivesite ina) ndinkatsikira kuchipinda chapansi kumene kuli makina ochapira, n'kumayeserera zolankhula zanga ndekha. Chimene ndinaiwala n'chakuti nyumba za kuno zili ndi mapaipi a mpweya amene amanyamula mawu kuchokera pansi mpaka kukhitchini. Ndiye mayi a Tadala ankati akudula anyezi, n'kumamva mwamuna wawo akukuwa pansi pa mapazi awo kuti, "Munthu wamkulu ali ndi ufulu wolowetsa m'mphuno mwake chimene wafuna!"

Tsoka lake, nyengo imeneyo ndi imene udzu wina wa kuno umatulutsa mungu. Ku Malawi ndinakula ndikugubuduka m'fumbi popanda vuto, koma mungu wa ku Indiana unandipeza. Maso anafiira psu, mphuno inkangochucha, ndipo ndinkangokhalira kufwenkha ndi kukoka mamina. Mapilitsi amene ndinagula ankandiletsa tulo ndi njala yomwe, moti lamba ndinamuboola bowo lina.

Kubala kuja, hafu taimu ikakwana ndinkathamangira kuchimbudzi ndi foni kukabwereza mfundo zanga, kenako n'kutuluka ndili gwa kukamuyamba Yamikani. Iye anakafotokozera mkazi wake ngati nthabwala. Mkazi wakeyo anaimbira mayi a Tadala, ndipo sanafotokoze ngati nthabwala.

Mkazi wanga sanandifunse kanthu. Analeredwa kuti nkhani yaikulu sumuyamba nayo mwamuna wekha, umapita nayo kwa ankhoswe. Chimene ndinaona ine n'chakuti anayamba kundikomera mtima modabwitsa. Ankandiyang'ana nthawi yaitali ndikamadya, ankandisisita kumsana, ndipo pa pemphero la m'mawa ankanditchula dzina kawirikawiri. Ine ndinkati tsopano wazindikira kuti anakwatiwa ndi munthu wanzeru.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anati, "Bambo a Tadala, a Mbewe akutifuna ku Indianapolis lero."

A Mbewe ndi akazi awo ndiwo ankhoswe athu. Kuno kulibe amalume, ndiye pa ukwati wathu tinabwereka banja limodzi kuti liimire mbali zonse ziwiri. Bambowo amagwira ntchito mu ofesi ya boma, mayiwo ali ndi saluni yoluka tsitsi cha ku Lafayette Square.

Potsegula kumbuyo kwa galimoto ndinapezamo sutikesi yaikulu.

"Nanga iyi?"

"Ndi zovala zanga ndi za Tadala."

"Tikukagona konko?"

"Tikaona."

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kufunsa bwino. Ine ndinaliza galimoto, ndipo njira yonse ndinkawafotokozera chifukwa chake goloboyi wathu ayenera kugulitsidwa.

Titafika, Tadala, mwana wathu wamkazi amene panthawiyo anali ndi zaka zisanu, anamutumiza kuchipinda cham'mwamba kukaonera makatuni. Ife anayi tinakhala pabalaza. Mayi Mbewe anapemphera pemphero lalitali lokhudza maunyolo ndi kumasulidwa, ine n'kumavomera "ameni" mokweza kuposa onse.

A Mbewe, monga nkhoswe yodziwa ntchito yake, sanalunjike. Anafunsa za ntchito, za galimoto, za mvula ya kumudzi. Kenako anati, "Nanga mpira ukuyenda bwanji, achimwene?"

"Movutikira, bambo."

"Tikumva kuti kumpirako masiku ano kwalowa tinthu tina. Ena akuti kokeni." Anakhosomola pang'ono. "Inuyo zimenezi mumaziona bwanji?"

Abale anga, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Masabata onse aja ndinkalankhula ndi makina ochapira, ndipo lero munthu wolemekezeka wandifunsa yekha. Ndinaimirira. Ndinayamba ndi kuti ndende sinachiritsepo munthu. Ndinawauza kuti mowa umagwetsa mabanja tsiku ndi tsiku koma umagulitsidwa pafupi ndi buledi. Ndinafotokoza mmene ogulitsa mobisa amasakanizira kokeni ndi zinthu zoopsa, ndi mmene munthu angadziwire wabwino ndi wosakaniza (mfundo imeneyi ndinkainyadira kwambiri). Ndinkayenda uku ndi uku pa kapeti wa eni ake, maso ali psu, thukuta lili kamukamu, ndikumaima pang'ono kuti ndikoke mamina. Ndinamaliza ndi mawu anga aja a ufulu wa mphuno.

Ndinkayembekezera mtsutso, koma sunabwere. Mayi Mbewe anali atagwira pakamwa. Mkazi wanga ankalira mwakachetechete.

"Mwamva nokha, bambo," anatero akuyang'ana a Mbewe. Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo a Tadala, ine ndi mwana titsala konkuno mpaka mutalandira thandizo. Sindingalole kuti Tadala akule akuona zimenezi."

Apa m'pamene sutikesi ija inandilowa m'mutu. Ndinakhala pansi.

"Mukuganiza kuti ine ndimakoka kokeni? Ine? Ngakhale fodya sindinasutepo!"

"Onse amakana poyamba," anatero mayi Mbewe mofatsa. "Tinagugula pa intaneti. Chachiwiri ndi kukwiya."

"Ndi mungu uwu, mayi! Ndipo zonse ndanenazi ndi za mtsutso chabe."

"Ngati zili choncho palibe chovuta," anatero a Mbewe. Akazi awo anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa bokosi la ku famase. M'kati mwake munali kapu yapulasitiki yokhala ndi timawindo tisanu m'mbali, yoyezera mankhwala ozunguza bongo mu mkodzo.

Ndinafuna kukana, kuti ulemu wanga uli pati. Koma nditayang'ana mkazi wanga ndinaona kuti ndikakana ndibwerera ndekha ku South Bend. Ndinalandira kapu ija ndi manja awiri.

Zimene anagugulazo zinawauzanso kuti munthu wotere sumusiya yekha, angathiremo madzi a pampopi. Choncho chitseko cha kuchimbudzi chinasiyidwa chotsegula pang'ono, a Mbewe n'kuima panja atandifulatira. Munthu amene anandiimira pa ukwati wanga atavala suti, lero akumvetsera ngati ndayamba.

Sindinayambe. Thupi linakana kwamtuwagalu. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga matailosi, a Mbewe n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kuti andichotse manyazi, koma zinangowonjezera.

"Zikutheka, achimwene?"

"Zikuvuta, bambo."

Anandibweza pabalaza kukamwa tiyi. Ndinamwa kapu yoyamba, yachiwiri, mpaka tiyipoti inauma, anthu atatu akundiyang'ana ngati mbuzi imene akudikira kuti ibereke. Ulendo wachiwiri zinatheka.

Kapu ija anaiika pa nyuzipepala pakati pa tebulo, tonse n'kuizungulira. Pa kawindo koyamba panatuluka mzere, kenako wachiwiri. Pa kachiwiri chimodzimodzi. Posakhalitsa timawindo tonse tisanu tinali ndi mizere iwiriiwiri.

"Mayo ine," anatero mayi Mbewe. "Mizere iwiri. Ine ndabereka ana anayi, mizere iwiri ndimaidziwa. Ndiye kuti zilimo."

A Mbewe anawerama n'kuyamba kuwerenga mayina a pa timawindo. "Kokeni. Chamba. Awa sindingathe n'kutchula komwe." Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni. "Zonsezi, achimwene? Nthawi yake mumaipeza kuti?"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinayamba kudzikayikira ndekha. Mwina khofi wa kubala uja amathiramo kanthu? Mwina mzungu uja anandiyetsemulira? Ndinkaona ntchito ikupita, mapepala anga okhalira kuno akupita, ndi mwana wanga akukulira m'nyumba ya eni. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo misozi inayamba kutsika, ulendo uno osati ya mungu.

Mkazi wanga anadzuka pampando wake n'kudzakhala pafupi nane. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Bambo a Tadala, tamverani. Sindikukusiyani. Kaya ndi zisanu kaya ndi khumi, tilimbana nazo limodzi. Ndigwira mashifiti awiri ngati kuli kofunika. Inu mungochira, mutipeza tikukudikirani."

Sindinadziwe kuti amandikonda chonchi. Ndinalira ngati mwana, ndipo pang'ono pokha ndikanavomera mlanduwo kuti asasiye kulankhula.

Nthawi yonseyi a Mbewe ankafufuza magalasi awo. Atawapeza anatambasula kapepala ka m'bokosi muja kuti aone chochita munthu akapezeka nazo. Anawerenga, n'kubwerezanso, chala chikuyenda pansi pa mawu.

"Mayi," anaitana akazi awo motsitsa. "Apa akuti mizere iwiri ndiye kuti mulibe kanthu. Zikakhalamo umatuluka umodzi."

"Zabodza. Tabweretsani."

Anawerenga okha, kenako anapatsira mkazi wanga. Ndinamva dzanja lake likumasuka pang'onopang'ono mpaka linachoka.

"Ndiye zimene munkakuwa kuchipinda chapansi zija?"

"Ndinkakonzekera Yamikani."

"Kuchimbudzi pa hafu taimu?"

"Ndinkabwereza mfundo."

"Inuyo mumafunadi kuti kokeni aloledwe?"

"Kwenikweni ayi. Koma Yamikani anayamba kunena kuti..."

"Mwezi wathunthu ine ndikusala kudya, ndikulirira m'galimoto kuntchito, ndikusanthula m'masokosi mwanu, chifukwa cha Yamikani?"

A Mbewe anayesa kukonza zinthu. Anati tiyamike Mulungu kuti m'bale wathu ndi wangwiro, ndipo anawonjezera kuti mfundo ija ya mowa ndi buledi inali yomveka ndithu. Akazi awo anawayang'ana kamodzi kokha, iwo n'kunyamula kapu ija kukataya.

Tinabwerera tonse atatu madzulo omwewo. Tadala anagona tisanatuluke n'komwe mu Indianapolis, ndipo mayi ake anangoyang'ana minda ya chimanga pawindo. Ine ndinkayendetsa mwaulemu, ngakhale kukoka mamina ndinkakoka mobisa. Titadutsa Kokomo analankhula osanditembenukira.

"Bola akanakhala kokeni. Ameneyo ali ndi chipatala chake. Matenda anuwa sindikudziwa kuti ndikakusiyeni kuti."

Yankho ndinali nalo, ndipo linali labwino, la mfundo zitatu. Linafika mpaka pa lilime. Ndinalimeza, ndipo linandipweteka pakhosi njira yonse mpaka ku South Bend.