Chofunda chokhota cha mlamu wanga

Mukadzandimva ndikunena kuti "n'zosavuta izi", mudzanditseke pakamwa msanga. Mawu amenewa anatsala pang'ono kundivula ulemu kuchimuna.

Apongozi anga, mayi a amuna anga, kwawo ndi ku Nsanje koma akhalitsa ku Chinyonga. Pa makina osokera ndi akatswiri. Mwana wawo aliyense akamalowa m'banja amamusokera chofunda cha pabedi kuchokera ku zitenje zawo zakale. Amazicheka timizere tatitali n'kutilumikiza, ndipo chikatha umachita mantha kuchigonera. Pofika pa chitsirizira wawo, mlamu wanga Rosina, ng'ala inali itawagwira m'maso. Timizere anacheka, koma singano samaionanso.

"Amayi, bweretsani ndisoke ine, n'zosavuta izi," ndinatero (ine wake, amene luso langa lonse linathera pa mpendero wa yunifolomu ya mwana).

Anandikhazika pa makina awo opalasa n'kundilangiza. "Amake Tadala, mzere uwu mukayambira kumutu, wotsatira muyambire kumiyendo. Nsalu musaikoke, makina amadya okha. Msoko uliwonse muzisita musanapitirize."

Ndinavomera ndi mutu, makutu ali kwina. Atapita kumapemphero a amayi, ndinaona kuti kutembenuza chinsalu nthawi iliyonse n'kutaya nthawi. Mizere yonse ndinaiyambira mbali imodzi, ndikukokanso kuti ntchito ifulumire. Simbi sindinaiyatse n'komwe. Ndimapalasa ngati wa kabaza waona mvula, uku ndikuimba.

Nditachiyala pabedi, mtima unangoti phwii. Chofunda chinali chitakhota ngati nthochi. Kumutu chili pabedi, kumiyendo chikulowera kukhomo.

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinapita nacho kwathu, ati ndikamalizitse. Ndinachisita, osawongoka. Ndinauza amuna anga kuti agwire uku ine uku tikokane, msoko wina n'kuthetheka (iwo anangoti, "Ine sindinaone kanthu," n'kuthawira ku mpira). Kenaka ndinachiviika m'madzi n'kuchiyanika pachingwe nditamangirira njerwa m'makona. Chitenje chofiira chinasuluka n'kudetsa mizere yoyera. Tsopano chinali chokhota komanso chamawangamawanga, phwando lolangiza mkwatibwi lili mawa lake. Ndinachipinda bwinobwino, n'kuchikuta m'pepala lonyezimira, ndikupemphera kuti Rosina akachitsegulire kunyumba kwake.

Iyayi. Mwambo wa banja lino ndi woti chofunda cha mayi amachitambasula pamaso pa anthu. Amayi awiri anachigwira m'makona, nthungululu n'kuyamba, kenaka n'kuzima pang'onopang'ono. Azakhali ena, odziwika ndi lilime, anafunsa mokweza kuti, "Kodi bedi lake ndi lokhota? Wasoka ndani?"

Ine ndinkangofuna nthaka ing'ambike. Apongozi anaimirira, n'kuyendetsa dzanja pamisoko ija. Maso analibe, koma zala zinawauza zonse.

"Ndasoka ndine," anatero mosatekeseka. "Maso anatha awa. Mpongozi wangayu anandiletsa, ine makani. Bweretsani, akandithandiza kukonza."

Anthu anaseka mwachikondi, ena mpaka kuwafupa kuti agogo ayesetsa. Azakhali aja anandiyamikiranso ine chifukwa chosamala apongozi. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo sindinawakondepo mayi amenewa ngati tsiku limenelo.

Lolemba ndinapita ku Chinyonga mutu uli pansi. Ndinawapeza pakhonde ndi malezala awiri, akumasula kale misoko mopapasa. Mizere yodetsedwa anali atachekera ina, kuchokera ku chitenje chimene amachikonda kwambiri.

"Amayi, munadzinamiziranji?" ndinafunsa.

"Ine akandiseka, mawa aiwala, poti ndine nkhalamba. Inu akanakusekani mpaka zidzukulu zanu kudzamva." Anandipatsa lezala linalo. "Khalani apa. Muyambire kumiyendo."

Tinamasula mpaka zala kuchita matuza, ndipo pakamwa panga sipanatuluke mawu oti n'zosavuta.