Nkhono za Limbani pafupi ndi hita

Ndinenetu poyamba kuti sindinali ndi cholinga choipa. Ndikudziwa kuti owononga zinthu onse amatero, koma ine nkhono makumi asanu ndi limodzi zija ndinazipha ndi chifundo chenicheni.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Rotherham, kuno kwa azungu. Mlongo wanga wamng'ono, Limbani, ankachita digiri ya masitazi ku Sheffield, kufufuza mmene kufunda kwa madzi a m'nyanja kukuvutitsira nkhono zimene azungu amadya zija, zakuda, za zigoba ziwiri. (Ndinamufunsapo kuti mwana wa ku Ntcheu, kopanda ngakhale dziwe looneka, nkhono zinakulakwira chiyani? Anangoseka.) Iliyonse anailemba nambala pachigoba, n'kuzikoleka m'nyanja m'kathumba ka ukonde miyezi inayi yathunthu. Zinkafunika kufika ku labu zamoyo komanso zozizira. Omulipirira sukulu anamupatsa chaka chimodzi basi, ndipo chaka chikatha, viza nayo yatha.

Atakazivuula, anatulukira kwanga Loweruka ndi chibokosi chake cha nkhonozo, poti labu inali yotseka. Anachiika kuseri kwa nyumba. Mawa lake m'mawa anakwera basi kukatenga kiyi wa labu kwa mphunzitsi wake, ndipo ali pakhomo anati, “Achemwali, bokosilo musalikhudze, chonde.”

Ndinavomera. Koma inu, kunja kunali chisanu choti udzu unachita kuyera mbuu. Kuntchito kwathu amatiphunzitsa tsiku ndi tsiku kuti kuzizira kumapha, ukapeza gogo manja ali zii umathamangira bulangete osayamba wafunsa. Ndiye ine ndikhale m'nyumba ndikumwa tiyi, zolengedwa za Mulungu zikuuma pakhomo panga? Ndinalikokera m'nyumba n'kulikhazika pafupi ndi hita.

Kutsegula, madzi ake anali otuwa, onunkha. Ndinati mwana uyu uve sadzausiya. Ndinawataya onse m'sinki, n'kuthiramo apampopi ofunda bwino, nditawayesa ndi chigongono monga timachitira posambitsa agogo. (Zoti nkhono za m'nyanja ya mchere zimafuna madzi a mchere, mutu wangawu sunafikeko.)

Patapita nthawi zinayamba kuyasama, imodzi imodzi. Mtima wanga unachita kuti myaa, ndinati zatsitsimuka, tsopano zikufuna chakudya. Ndinaziwazira phala la otsi, ndithu, masipuni awiri. Kenako ndinavala n'kupita kutchalitchi, komwe ndinaimba ndi mtima wonse.

Pobwera ndinamupeza Limbani atagwada pakapeti, jekete asanavule. Ankatola nkhono imodzi, kuigogoda ndi chala, kudikira kuti itseke, n'kuiika pambali. Palibe inatseka. Fungo linali litadzaza nyumba yonse. Ndinayamba kufotokoza za chisanu, za agogo.

“Phalali ndi la chiyani?” anafunsa motsitsa mawu.

Ndinati zimaoneka zanjala.

Sanakalipe. Bola akanakalipa, mwina ndikanapeza pogwira. Anangotsuka zigoba, n'kuzindandalika pathebulo motsata manambala, misozi ikugwera pamanja. Sindinamuonepo akulira chimwalirireni bambo athu, ndipo manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindikufunira munthu.

Mphunzitsi wake anayesetsa, koma kuyambiranso kunkafuna nyengo ina yozizira, ndipo omulipirira anakana kuwonjezera nthawi. Limbani anabwerera kumudzi ndi kasatifiketi kakang'ono, digiri osatenga. Pano akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera.

Phunziro ndiye lilipo, munthu akati usakhudze, usakhudze. Koma chimene chimandidya ndi china. Amayi atamufunsa chinachitika n'chiyani, iye anangoti nkhono zinafa ndi madzi ofunda, dzina langa osalitchula. Iwo anamva kuti ndi kusintha kwa nyengo komwe amamva pawailesi kuja. Lamlungu lililonse ndikawaimbira, amatseka ndi pemphero lopempha Mulungu kuti aweruze amene anafunditsa madzi n'kuphera mwana wawo tsogolo. Amadikira ndiyankhe, ndipo ine ndimati ameni.